Nkhwayira za Bi Jokha

Pa siteji ya mabasi ku Tandika, mu Dar es Salaam, palibe kondakitala amene sanakalipidwepo ndi Zaituni. Mayiyu amakazinga zitumbuwa za mpunga pansi pa mtengo wa mango, ndipo anayamba kukhala pamenepo msewu usanathiridwe phula. Ungoyerekeza kutola chitumbuwa ndi dzanja losasamba, umva zako. "Iwe, manja ogwira matayala amenewo uchotse! Ukuyesa ndakazingira agalu?" Makondakitala amaseka, amagula ndithu, mawa n'kubweranso kudzakalipidwa. Ndi mkazi wamfupi, wakuda bii, wa mikono yolimba ngati ya mwamuna, ndipo ife oyandikana naye nyumba tinkati Zaituni saopa munthu pansi pano.

Mwamuna wake, Athumani, ankanyamula katundu kudoko mpaka msana unamuthera, ndipo anamwalira mwana wawo akadali ku pulayimale. Ana awiri oyamba anafa asanayambe n'kuyenda komwe. Wotsalayo, Shufaa, anabadwa Zaituni atataya kale mtima, n'chifukwa chake anamulera ngati dzira. Zitumbuwa zomwezo zinamuphunzitsa mtsikanayo mpaka anakhala namwino, wa yunifolomu yoyera ndi kawotchi pachifuwa. Tsiku limene Shufaa anayamba ntchito, Zaituni anagawa zitumbuwa zonse ulere, kenaka n'kuwachenjeza makondakitala kuti asazolowere.

Ukamufunsa za kwawo, yankho linali limodzi. "Kwathu n'ku Tanga. Makolo anatha ndili khanda, ndinakulira m'manja mwa anthu. Ukufunanso chiyani, undiwerenge mano?" Athumani anapita kumanda akudziwa zimenezo, Shufaa anakula akudziwa zomwezo. Koma ku Tanga Zaituni sanapondeko n'kamodzi komwe.

Anabadwira ku Kivinje, kumwera uko, kuseri kwa nyumba yosanja ya banja la Bin Khalfani. Kuseri ndithu, osati m'nyumba. Dzina lake linali Faida, ndipo anamutcha ndi mkazi wa mwini nyumba, monga ankatchira mwana aliyense wobadwira m'bwalo lakuseri. Mayi ake anafa pobereka mwana wachiwiri, bambo ake anali wa m'zombo, anapita osabwerako. Anamulera ndi agogo ake, Tausi. Tausiyu anafika pa Kivinje ali kamwana, chingwe chili m'khosi, atayenda miyezi kuchokera kumtunda, kutsidya kwa nyanja yopanda mchere. Za kwawo ankangokumbukira kuti mayi ake anali ndi mphini m'masaya. Ukapolo boma linauthetsa Zaituni asanabadwe, inde. Nanga anthuwo akanalowera kuti? Anatsala pomwepo, kusinja mpunga, kutunga madzi, kuchapa, malipiro ake mbale ya zotsala ndi nsalu imodzi pa chikondwerero cha Idi. Palibe ankawatchula kuti akapolo. A m'nyumbamo ankangoti "anthu athu".

Tausi atamwalira anamuika kunja kwa mpanda, popanda mwala pamanda pake. Sabata yomweyo mdzukulu wake, mawere asanatuluke n'komwe, anakwera lole ya kokonati osatsazika munthu. Potsika mu Dar es Salaam anali atadzitcha kale Zaituni.

Kugombe kuno mawu akuti kapolo sitimawatchula pagulu. Tonse timapemphera mzere umodzi mumzikiti, timadyera mbale imodzi pamaliro. Koma ingobwera nkhani ya ukwati! Azimayi achikulire amafunda nsalu zawo zakuda n'kuyamba kuyenda m'makomo ngati akukazonda odwala, kwinaku akununkhiza. Agogo ake a mtsikanayu anali yani? Anabwera kuno ndi mapazi awo, kapena anachita kubweretsedwa? Zaituni ankazidziwa zimenezi, ndipo moyo wake wonse anauthera pa chinthu chimodzi: kuti tsiku limene adzanunkhize za Shufaa, asadzapeze kanthu.

Ndiye taonani tsoka lake. Amuna onse ali mu Dar es Salaam muno, Shufaa n'kukasankha Hemedi, mnyamata wogulitsa mankhwala pafupi ndi chipatala, wofatsa, wolankhulira pansi. Mtsikanayo atatchula dzina la banja la mnyamatayo, Bin Khalfani, Zaituni anapsereza zitumbuwa chiwaya chonse. Anayesa kumunyoza. "Mwamuna wake uyu wowonda ngati ndodo ya tsache? Mphepo ikawomba uzikamutola kuti?" Shufaa anangoseka n'kumukumbatira. Anali atagwa m'chikondi mpaka m'makutu, ndipo Zaituni analibe chifukwa choti n'kutchula pokana.

Azimayi onunkhiza aja anayenda, n'kubwerera chimanjamanja. Kwa Athumani kunali kodziwika, alimi osauka koma mfulu. Kwa mayi, mwana wamasiye wa ku Tanga, basi. Mwini mawu m'banja la Hemedi anali azakhali ake, Bi Jokha, nkhalamba yamasiye yosabereka, yonenepa, yoyendera ndodo. Zaituni anawazindikira tsiku loyamba lomwe. Anali mtsikana uja wa m'mwamba, amene ankalavulira makoko a mtedza pazenera ana akuseri akusesa pansi. Koma iwo anamuyang'ana Zaituni m'maso, namupatsa moni waulemu, osakumbuka kanthu. Ndani amasunga nkhope ya kamwana kakuseri?

Zonse zitatsala pang'ono kutheka, Bi Jokha anatulutsa mwambo wa kwawo. Mkazi wolowa m'banja la Bin Khalfani amayenera kukaonetsedwa kaye kwa akufa, kumanda a makolo amene ali m'bwalo la nyumba yakale ku Kivinje, ndipo amapita ndi mayi ake. Nyumbayo boma linailanda kalekale, pano anaisandutsa yosungiramo zakale, yoti alendo azilowa n'kumaona. Zaituni anadandaula mawondo, anadandaula mutu, anati makasitomala athawa.

"Mayi, tsiku limodzi lokha," anatero Shufaa. "Mukakana aziti tikubisa chiyani?"

Anakwera minibasi ya hayala m'bandakucha, anthu anayi ndi dalaivala. Njira yonse Bi Jokha pakamwa sipanatsekeke. Atawoloka mtsinje wa Rufiji anayamba kusimba za mkulu wake wa Hemedi, amene anatsala pang'ono kukwatira mtsikana wa ku Pangani.

"Wokongola, wophunzira, kuphika ndiye musanene. Makadi oitanira anthu titasindikiza kale, ine n'kumva kuti agogo ake anagulidwa pamsika ngati mbuzi. Ndinauthetsa tsiku lomwelo. Mnyamatayo analira, analira, kenaka anatonthola. Pano ali ndi ana atatu, magazi oyera. Si choncho, Hemedi?"

"Ndi choncho, azakhali," anatero Hemedi, maso ali pawindo.

Zaituni anamva thukuta likutsika mumsana. Anapempha madzi, namwa.

Kivinje anali atakalamba. Nyumba zambiri zamiyala zinali zitagwa madenga, mitengo itamera m'zipinda. Koma ya Bin Khalfani inali njo, yopakidwa laimu, chitseko chake chosema chija chikunyezimira mafuta. Zaituni anazindikira kuti moyo wake wonse sanalowerepo pachitseko chimenecho. Miyendo inkamukokera kumanzere, kukanjira ka anthu akuseri. Anadzigwira, nalowa pambuyo pa mwana wake.

Anawalandira ndi bambo wina wa imvi zapatalipatali, dzina lake Ngatunga, woonetsa alendo. Bi Jokha anamuuza msangamsanga kuti iwo si alendo, anabadwira m'nyumba momwemo. Ngatunga anawalonjera mwaulemu, koma anayamba ntchito yake monga amachitira ndi aliyense. Anawaonetsa mabokosi amkuwa, mitsuko ya ku India, sikelo yaikulu yoyezera minyanga. Kenaka anatsegula kachitseko kakafupi kumapeto kwa khonde lamkati, nayatsa getsi.

Fungo lake linali lomwe lija, la mchere ndi mileme. Chipinda chachitali, chopanda zenera, denga lake lofika pamutu. M'khoma monse munali mphete zachitsulo, zadzimbiri, mzere wina m'chiuno mwa munthu, wina m'munsi pafupi ndi pansi.

"Muno ndi mmene ankasungiramo anthu podikira zombo," anatero Ngatunga. "Mphete zam'mwambazi ankamangirirapo akuluakulu. Zam'munsizi ana."

"Bodza!" Bi Jokha anagogoda ndodo pansi. "Muno munkakhala minyanga ndi kokonati. Mwaphunzitsidwa ndi azungu kunyoza makolo a anzanu."

"Minyanga sithawa, mayi. Saimangirira kukhoma."

"Tamumveni! Agogo anga anthu amenewo ankawadyetsa, ankawaveka, anawaphunzitsa kupemphera. Anabwera ali maliseche, osadziwa Mulungu. Anali ngati ana a m'nyumba."

"Azakhali," anatero Hemedi chapansipansi, "zinachitika ndithu. Tisakane."

Mtima wa Zaituni unadumpha. Anamuyang'ana mnyamatayo ngati akumuona koyamba.

"Iwe khala chete," anatero Bi Jokha. "Sukulu unaphunzirayo inachokera m'nyumba muno."

Hemedi anakhaladi chete, n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake. Zaituni anadziwiratu pomwepo kuti mnyamatayu ndi wabwino mtima, koma tsiku la nkhondo sadzaima.

Shufaa anali atanjuta pakona, misozi ili lengelenge. Anatambasula dzanja kuti akhudze mphete ina yam'munsi, yachitatu kuchokera pakhomo.

"Usagwire!"

Mawuwo anamveka ngati mbale yagwa. Onse anatembenuka. Anali Zaituni. "Dzimbiri limenelo," anatero. "Namwino wanji wosadziwa dzimbiri?"

Anzakewo anaseka pang'ono, nkhani n'kupita. Koma Zaituni m'chipinda chimenecho anagonamo nyengo zonse za mvula za ubwana wake, zisakasa zakuseri zikayamba kudontha. Tsiku lina anamangirira kamwana ka mbuzi pa mphete yomweyo, posewera. Tausi anamumenya mpaka kamwa kutuluka magazi, iye amene sankamenya mwana. Atatha anamukhazika pamiyendo, namuonetsa chipsera chozungulira kakolo wake, n'kunena kuti, "Imeneyo ndi yanga." Sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa.

"Nanga ana awo anthu amenewa ali kuti?" Shufaa anamufunsa Ngatunga akupukuta m'maso.

"Alipo, mlongo. Tili nawo m'misika, m'mabasi, m'maofesi. Koma palibe amabwera kudzanena kuti ndine."

"Anabalalika," anatero Bi Jokha. "Osayamika."

Anatuluka, nalunjika kumasitepe okwerera m'mwamba. M'zipinda zam'mwambamo munayalidwa mikeka ndi makalapeti akale, choncho Ngatunga anapempha kuti avule nsapato. Iye anatsogola, Hemedi ndi Shufaa pambuyo pake, akunong'onezana. Bi Jokha anavula nkhwayira zawo zachikopa, nazisiya chagada pa sitepe yoyamba, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, akubuula pa sitepe iliyonse.

Zaituni anatsala yekha pansi. Mutu wake unali ukadali m'chipinda chija, pa kakolo wa Tausi. Sankaganiza za nkhwayira, sankaganiza kanthu. Anangowerama, nazitola, napukuta fumbi la kunsi kwake ndi nsonga ya nsalu yake, nazigundanitsa zidendene pamodzi. Anakankha chitseko cha pamasitepe pang'ono, nalowetsa dzanja kuseri kwake, m'kabowo ka m'khoma kamene sikaoneka chitseko chikakhala chotsegula, naziika mmenemo. Kenaka anaima chotsamira khoma, manja kumbuyo, maso pansi, kudikira kuti aitanidwe. Imeneyo inali ntchito ya ana akuseri m'nyumba imeneyi, ndipo anaigwira kuyambira tsiku limene anatha kuyenda. Wakuseri sankakwera masitepe asanamuitane.

Anadzidzimuka ndi bata. Kubuula kuja kunali kutaleka. Atatukula maso anaona Bi Jokha ataima pokhotera masitepe, akumuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Azakhali, tikuthandizeni?" Hemedi anafuula kuchokera m'mwamba.

"Pitirizani, ana inu. Ndipume kaye ndi mnzangayu."

Nkhalambayo inakhala pansi pa sitepe, ikupuma mwawefuwefu. Inakodola ndi chala. "Bwera kuno."

Chiyambire kudziwana sanamulankhulepo chotero. Zaituni anakwera masitepe angapo.

"Kabowo kameneko ngakhale bambo wa bomayu sakadziwa. Ndiwe wa yani? Wa Zafarani? Ayi, Zafarani anali ndi ana aamuna okhaokha. Tukula nkhope ndikuone." Anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anaomba m'manja kamodzi. "Faida! Kamdzukulu ka Tausi! Kaja kanathawa maliro asanathe n'komwe!"

Zaituni anafuna kukana. Anafuna kutukwana monga amatukwanira pa siteji, kuti nkhalamba iwe wapenga, ine ndine wa ku Tanga. Pakamwa panatuluka zina. "Bibi," anatero, ndipo anadzimva yekha akutchula mawu amene ana akuseri ankaitanira eni nyumba. "Bibi, mwanayo sadziwa kanthu."

Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti Bi Jokha sanakwiye. Anakondwa! Misozi inatsika m'masaya awo onenepawo, namugwira Zaituni dzanja n'kulifinya.

"Ine ndimayesa nonse munatha. Mayi anga anapita, alongo anga anapita, nyumba analanda. Ndatsala ndekha wokumbukira. Kani wathu mmodzi alipo! Tausi anandibereka kumbuyo ine, ukudziwa? Sindinkagona asanandisisite mapazi. Manja ngati amenewo sindinawapezenso."

"Bibi, chonde. Ukwati wa mwanayu."

Nkhalambayo inapukuta m'maso, nkhope n'kubwerera mwakale. "Ukudziwa wekha kuti ndikangotsegula pakamwa, zonse zathera pamasitepe pano. Wachita chinthu choopsa, Faida. Magazi a kuseri kulowa pachitseko cha kumaso!" Anapukusa mutu. Kuchokera m'mwamba kunamveka Shufaa akuseka, Hemedi akumuonetsa kanthu. Bi Jokha anamvetsera, nausa moyo. "Koma mtsikanayo ndamukonda. Ali ndi ulemu, amadziwa kukhala pamaso pa akulu. Ndimadabwa kuti anazitenga kuti, tsopano ndadziwa. Ndipo mnyamata wachiwiri kumuliza, mtima wanga sungathenso."

Nkhalambayo inadzisisita bondo n'kupitiriza.

"Ine ndakalamba. Miyendoyi imatupa, usiku sindigona. Atsikana antchito a masiku ano manja awo ngati zikuni, ukawatuma amayang'ana foni. Uzibwera kwathu Lachinayi. Uzidzandisambitsa mapazi, kundidzoza mafuta, monga ankachitira agogo ako. Ticheze za kale. Zinazi zikhala za ife awiri."

Sananene kuti ukapanda kubwera ndiulula. Panalibe chifukwa chonenera. Kwa iwo sikunali kuopseza munthu, kunali kungobwezera chinthu pamalo pake.

"Ndamva, Bibi," anatero Zaituni.

"Eya. Tsopano kwera. Ndakuitana."

Zam'mwambazo Zaituni sanazione, ngakhale anazungulira zipinda zonse. Atatsika, anatulutsa nkhwayira zija ana asanaone, naziika pa sitepe. Anapita kumanda a makolo, pakona ya bwalo, pamene panali miyala yolembedwa bwino pansi pa mtengo wa bwemba. Shehe wa m'tauniyo anabwera, anafukiza lubani, anapemphera. Bi Jokha anamugwira Shufaa paphewa n'kumutchula dzina kwa akufa mmodzimmodzi, kuti uyu ndi mkazi wa mdzukulu wanu, mumulandire. Shufaa ankanjenjemera ndi chimwemwe. Zaituni anatambasula manja ngati anzake, koma maso ake anali kuseri kwa mpanda, kumene anamuika Tausi. Pamalopo anamangapo zimbudzi za alendo, zamalata atsopano, china cha amuna china cha akazi. Anapempherera agogo ake chamumtima, akuyang'ana malatawo, ndipo anachita manyazi ngati iye ndiye anamanga.

Ukwati unachitika, ndipo unali ukwati ndithu. Tandika yense anavina, makondakitala anabwera atavala malaya oyera, ena sitinawazindikire n'komwe. Bi Jokha anamuveka mkwatibwi mkanda wagolide wa mayi awo. Zaituni anavina nawo, analulutira mpaka mawu kutha.

Lachinayi lotsatira anazimitsa mbaula dzuwa lisanafike pamutu, nakwera basi ya ku Upanga, kumene Bi Jokha ankakhala. Kuyambira pamenepo sanaphonye. Ankalowera khomo la kukhitchini, chifukwa tsiku loyamba lomwe anauzidwa kuti ndi lapafupi. Ankatenthetsa madzi, n'kugwada pansi, mapazi otupawo ali m'beseni, kuwatsuka pakati pa zala, kuwapukuta, kuwadzoza mafuta a kokonati mpaka nkhalamba iwodzere. Pakakhala anthu anali Mayi a Shufaa, ankapatsidwa mpando ndi khofi. Akatsala awiri anali Faida, ndipo ankakhala pamkeka. Kenaka Lachinayi linabala Lolemba. Kenaka kunabwera kuchapa nsalu zamkati, zimene mtsikana wantchito ankati sangagwire.

A m'banjamo ankamutamanda. Mayi wachikondi chotere sanaonekepo, amasamala nkhalamba ngati mayi ake omubala! Shufaa ankanyadira. Ife pa Tandika tinkamuseka kuti walowa m'banja la olemera, watiiwala. Iye sankabweza. Chimenecho ndicho chinatidabwitsa, chifukwa Zaituni wosabweza mawu tinali tisanamuonepo. Kondakitala wina anatola chitumbuwa ndi manja akuda bii, iye n'kungolandira ndalama osatukula mutu. Anaonda, ndipo pakamwa pake panayamba kugwa ngati pa munthu wodwala.

Komabe mumtima ankati zili bwino. Mawondo ndi ake, msana ndi wake, zaka zatsala n'zochepa. Nkhalambayo idzafa, kapena iye adzafa, nkhani n'kukwiririka. Shufaa ankalowera khomo la kumaso, ankakhala pampando, ankatchedwa mkazi wa m'nyumba. Mimba itayamba kuoneka, Zaituni anati mwana ameneyo adzabadwa wosadziwa kugwadira munthu, ndipo zimenezo zinamukwanira.

Nyengo ya mvula malungo anamugwetsa. Anagona osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada, Shufaa akubwera kudzamubaya jakisoni n'kumuphikira phala. Tsiku limene mutu unayera, anafunsa mnzake woyandikana naye kuti lero n'lachingati. Atamva kuti Lachinayi, ndipo lina linadutsa ali chigonere, anadzuka n'kufunda nsalu. Tinamuletsa, tinati ugwa panjira. Anatikankha.

Anafika ku Upanga miyendo ikugwedera, nalowera kukhitchini. Ketulo inali pamoto. Beseni panalibe pamalo pake. Anamva madzi akukhavuka m'chipinda, ndi mawu a nkhalamba ikung'ung'udza mokondwa.

Shufaa anali atagwada pansi, mimba yake yaikuluyo itatsamira m'mphepete mwa beseni, yunifolomu atapinda manja. Phazi la Bi Jokha linali m'manja mwake, akulitsuka pakati pa zala.

"Mayi! Mwadzukiranji? Ndinakuuzani kuti mugone." Anamwetulira, thukuta lili pamphumi. "Azakhali anandiitana, akuti miyendo yawavuta chidwalireni inu. Ndati ndikugwirireni ntchito yanu mpaka muchire."

Bi Jokha anayang'ana Zaituni kudutsa pamutu pa mtsikanayo. Nkhope yawo inali yofewa, yokhuta, ngati ya munthu amene wapeza chinthu chake chimene chinasowa kalekale.

"Taona," anatero. "Palibe anamuphunzitsa, koma manja ake ndi omwe aja. Zimenezi sizitayika. Ndipo akabereka wamkazi, dzina ndidzatcha ine."

Zaituni anagwira chitseko kuti asagwe. Mawu onse amene anawameza chichokereni ku Kivinje anakwera mpaka pakhosi. Akanatha kukankha beseni lija ndi phazi, n'kunena zonse, za mphete yachitatu, za chipsera, za zimbudzi zili pamanda. Anayang'ana mkanda wagolide uli m'khosi mwa mwana wake, anayang'ana mimba ija, anakumbukira Hemedi akuyang'ana nsapato zake. Akanena, mwanayo adzuka pamenepo alibe banja. Akapanda kunena, mwanayo adzagwadanso mawa.

"Dzuka," anatero. "Dzuka msanga. Munthu wapakati sagwada choncho."

"Mayi, ndine namwino ine, ndikudziwa zimene..."

"Ndati dzuka!"

Shufaa anadzuka mogwira khoma, akuseka. "Azakhali, mwawaona mayi anga? Nsanje! Safuna wina akukhudzeni."

"Musiye," anatero Bi Jokha. "Iwe ubwere Lolemba, mayi akowa sanachire bwino."

"Ndibwera," anatero Shufaa, akupukuta manja.

Zaituni anagwada pamalo pamene mwana wake anachoka. Pansi panali pakadali pofunda. Analowetsa manja m'madzi, natenga phazi lija, nawerama kwambiri kuti mwanayo asaone nkhope yake.